Aphunzitsi ndi kaundula wa msonkho wa ku Chicago

M'chaka cha 1830, munthu wofuna kota ya ekala pafupi ndi pamene lero pali mphambano ya misewu ya State ndi Madison ku Chicago akadalipira madola 20. Padali udzu ndi matope, chapafupi ndi pomwe mtsinje wa Chicago umakumana ndi nyanja ya Michigan. Pofika 1894 kachidutswa komweko kankawerengeredwa madola 1,250,000. Ziwerengero ziwirizi zili mu lipoti la msonkho limene ofesi ya boma la Illinois yoona za apantchito idatulutsa George Schilling ali mlembi wake, John Peter Altgeld ali bwanamkubwa. Mwini malowo sadakhetsepo thukuta kuti mtengo ukwere chotere. Amene adaukweza ndi anthu obwera, ochokera ku Germany, Ireland, Sweden, Bohemia, Poland ndi m'midzi ya ku America konko. Mu 1870 mzindawo udali ndi anthu pafupifupi 300,000. Moto wa mu Okutobala 1871 udapsereza pakati pake ponse, koma pofika 1890 anthu adali atapitirira miliyoni imodzi, ndipo kalembera wa 1930 adapeza 3,376,438.

Khamu lotere limafuna madzi, ngalande za zonyansa, misewu, apolisi, ozimitsa moto ndi masukulu. M'mizinda ya ku America masiku amenewo, pafupifupi zonsezi zinkalipiridwa ndi msonkho umodzi, wa chuma chimene munthu ali nacho, makamaka malo ndi nyumba. Msonkho umenewu umatuluka pa manambala awiri. Yoyamba ndi mlingo, woti pa madola 100 alionse mupereka mwakutimwakuti. Mlingo amaukambirana poyera, manyuzipepala amaulemba, ndipo ndi umodzi kwa onse okhala dera limodzi. Yachiwiri ndi mtengo umene walembedwa m'kaundula pa dzina la nyumba yanu. Imeneyi amalemba munthu mmodzi, woyesa mtengo, ali payekha ndi cholembera chake. Akalemba nyumba ya mnzanu motsika, ndalama zimene mzinda ukufuna sizichepa ayi. Zotsalazo zimagwera inu. Nkhondo zonse za msonkho ku Chicago zidamenyedwera pa nambala yachiwiriyi.

Isanafike 1898, ntchito yoyesa idali m'manja mwa timaboma tating'ono timene tidali m'kati mwa mzindawo: South Town, West Town ndi North Town, kenako Hyde Park, Lake, Lake View ndi Jefferson, madera amene mzinda udameza mu 1889. Kaboma kalikonse kadali ndi woyesa mtengo wake, wosankhidwa pa voti kwa chaka chimodzi chokha. Munthu wodziwa kuti mpando ndi wa miyezi 12 sachedwa kudzikonzera za mawa, ndipo zinkanenedwa poyera kuti oyesa ena ankachoka pa udindo atalemera kuposa momwe malipiro awo akadalolera. Mtolankhani wa ku England, W. T. Stead, atafika mu mzindawo mu 1893, adalemba buku la If Christ Came to Chicago. Zina mwa zimene zidautsa mapiri pachigwa m'bukumo ndi mndandanda wa mpondamatiki za mumzinda, pamodzi ndi mitengo yoseketsa imene akavalo, ngolo ndi mapiyano awo adalembedwa m'kaundula. Mu 1896 meya George B. Swift adasankha akatswiri a malonda a malo kuti ayese nyumba za pakati pa mzinda, ndipo adapeza kuti zinkalembedwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wake weniweni. Lipoti la Schilling lidali litaonetsa kale zimene anthu a m'makwalala ankadziwa popanda lipoti: kanyumba ka wogwira ntchito kufakitale kankalembedwa pa gawo lalikulu la mtengo wake kuposa nyumba zosanja za eni chuma.

Tisangoti zonse zidali ziphuphu. Illinois ili ndi zigawo 102, ndipo boma la Illinois, la ku Springfield, nalo linkapisa m'mbale yomweyo, kugawa msonkho wake molingana ndi chuma chimene chigawo chilichonse chalemba. Woyesa mtengo wa kumudzi akalemba munda wa chimanga motsika, ankaona kuti wateteza anthu akwawo kwa a ku Chicago. Wa ku Chicago naye ankatsitsa poopa kusenzera alimi. Aliyense ankapikisana ndi mnzake podzichepetsa. Pofuna kuletsa mpikisanowu, mu 1867 boma lidakhazikitsa State Board of Equalization, bungwe lolinganiza, loti lizitenga mitengo yonse ya chigawo n'kuikweza kapena kuitsitsa ndi mlingo umodzi kuti zigawo zifanane. Koma kulinganiza kotere kumagwira mulu, sikulowa m'kati mwa mulu. Tiyerekeze nyumba ziwiri za mtengo wofanana mu Cook County, chigawo chimene muli Chicago, ina yalembedwa madola 300, inzake madola 100. Bungwe likawirikiza chigawo chonse kawiri, zikhala 600 ndi 200. Chigawocho chalingana ndi zinzake, koma woponderezedwa uja wangoonjezeredwa katundu.

Zotsatira zake zidali zodabwitsa. Mu 1893 chuma chonse cha m'kaundula wa Chicago chidali chochepa kuposa cha mu 1873, chikhalirecho anthu adali atachuluka kuposa katatu. Malamulo aakulu a Illinois a mu 1870 ankaletsa mzinda kukongola ndalama zoposa 5 peresenti ya mtengo wa m'kaundula, choncho mzinda wolemerawu udali mmphawi pa pepala ndipo sukadatha kukongola zokwanira. Njira yozembera idali kubala maboma ena, lililonse ndi msonkho wake ndi ngongole yake. Lotchuka ndi Sanitary District, la mu 1889, limene lidakumba ngalande yotembenuza mtsinje wa Chicago mu 1900 kuti zonyansa zisamathire m'nyanja imene anthu ankamwa. Pofika zaka za m'ma 1920, mu Cook County mudali mabungwe otolera msonkho opitirira 400, onse akudalira kaundula mmodzi.

Lamulo la 1898 lidachotsa oyesa a timaboma tija n'kuika Board of Assessors ya anthu asanu, ndi Board of Review ya anthu atatu omva madandaulo, onse osankhidwa pa voti. Lidavomerezanso poyera zimene zinkachitika mobisa, ponena kuti chuma chizilembedwa pa gawo limodzi mwa asanu la mtengo wake. Mu 1909 adati limodzi mwa atatu, mu 1919 theka, mu 1927 mtengo wathunthu. Ulendo uliwonse chimene ankafuna kwenikweni chidali malo okongolerapo ena.

Apa ndi pamene aphunzitsi akulowera m'nkhaniyi. Margaret Haley, mwana wa m'banja lochokera ku Ireland, wobadwira ku Joliet mu 1861, ankaphunzitsa kalasi yachisanu ndi chimodzi pa Hendricks School, kufupi ndi makola a Union Stock Yards kumene ankaphera ng'ombe ndi nkhumba. Amayi ophunzitsa m'mapulaimale adayambitsa Chicago Teachers' Federation mu 1897, ndipo mu 1898 komiti ya masukulu idavomera kuwakwezera malipiro. Sipadapite nthawi, komitiyo idabweza mawu, ati m'thumba mulibe kanthu. Ambiri akadangodandaula n'kubwerera m'kalasi. Haley ndi mnzake Catharine Goggin adafuna kudziwa chimene chidabowola thumbalo. Kumayambiriro kwa 1900 anzawo adagwirizana zowalipira kuti asiye kaye choko, akakhale m'maofesi a boma akuwerenga makaundula.

Makampani a sitima za mumsewu, gasi, magetsi ndi lamya adali ndi chuma chamitundu iwiri. China chidali chooneka, monga njanji, mapaipi ndi mawaya. China chidali chilolezo chogwiritsa ntchito misewu ya mzinda popanda wolimbana naye, chinthu chosagwirika ndi manja koma chimene chinkakweza masheya awo pa msika. Lamulo la 1872 linkati State Board of Equalization iziyesa chuma chachiwirichi. Amayi awiriwa adapeza kuti bungwelo linkangochidumpha chaka ndi chaka. Adapita ku Springfield kukaonekera pamaso pake, koma silidawamvere, ndiye adakasuma. Mu Meyi 1901 woweruza Owen P. Thompson adalamula bungwelo kuti ligwire ntchito yake, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho khoti lalikulu la Illinois lidagwirizana naye. Makampani adathawira kukhoti la boma la dziko lonse, kumene woweruza Peter Grosscup adadula ndalamazo kwambiri. Komabe adalipira pafupifupi madola 600,000, ndipo gawo la masukulu lidali pafupifupi madola 249,000.

Komiti ya masukulu idalandira ndalamazo ndi manja awiri n'kuzipititsa ku malasha ndi kukonza nyumba. Aphunzitsi adabwereranso kukhoti, ndipo mu 1904 woweruza Edward F. Dunne adagamula kuti zipite ku malipiro amene adadulidwa aja. Chaka chotsatira Dunne adakhala meya. Tizikumbukira kuti amayi amene adagwetsa makampaniwa adalibe voti yosankhira meya, oyesa mtengo kapena mamembala a bungwe lolinganiza lija. Adaipeza mu 1913. N'chifukwa chake mu 1902 adalowa mu Chicago Federation of Labor, kuti amuna a m'mabungwe a apantchito, amene adali ndi mavoti, aziwayankhulira kumene iwo sakadafika.

Zaka za m'ma 1920 mzinda udali pachimake pa kumanga. Pakati pake padakwera Wrigley Building ndi Tribune Tower. Kumphepete, minda inkadulidwa mapuloti, ndipo tinyumba ta njerwa tofanana tidandandalika mitunda ndi mitunda. Anthu akuda ochokera kummwera kwa dzikolo ankadzaza South Side. Malo ankayesedwa kamodzi pa zaka zinayi, pamene mitengo inkasintha mwezi ndi mwezi. M'mpata umenewu ndi momwe mudakulira mchitidwe umene anthu a ku Chicago amaukumbukirabe.

Nyumba inkayamba yalembedwa mokwera. Kalata ikafika, mwini wake sankaganiza za khoti. Ankapita kwa mkulu wa chipani wa m'dera lake, munthu wodziwa khomo lililonse ndi mavoti amene ali kuseri kwake. Mkuluyo ankatenga kalata ija, ndipo patapita masiku nambala inkabwera itatsika. Sankapempha kanthu tsiku limenelo; ankadzagogoda m'mawa wa chisankho. Eni nyumba zikuluzikulu adali ndi njira yawo, ya maloya ndi madobadoba amene ankayenda m'makonde a maofesi awiri aja n'kutengapo gawo lawo pa ndalama iliyonse yodulidwa. Zipani zonse ziwiri zinkadya nawo. Ine ndimaona kuti mphamvu ya dongosolo limeneli idagona pa chinsinsi. Wotsitsiridwa aliyense ankadziyesa wamwayi ndipo ankathokoza, osadziwa kuti woyandikana naye watsitsiridwa kuposa iye. Lamulo linkafuna kuti kaundula azisindikizidwa, koma padapita zaka zambiri osatero. Ngakhale munthu akadalimba mtima kukaona kuofesi, malo ankalembedwa ndi manambala a pa mapu a masaveya, osati dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, moti wamba sakadapeza ndi nyumba yake yomwe.

Mu 1926 masukulu adalinso pa mavuto a ndalama, ndipo Haley, wa zaka pafupifupi 65 tsopano, adayambiranso. Anton Cermak, wapampando wa khonsolo ya Cook County, adakhazikitsa Joint Commission on Real Estate Valuation motsogozedwa ndi George O. Fairweather wa ku University of Chicago. Akatswiri a bungweli, pamodzi ndi Herbert D. Simpson wa ku Northwestern University, adachita chinthu chosavuta. Adatenga malo ndi nyumba masauzande angapo zimene zidali zitagulitsidwa kumene, n'kuyerekeza mtengo wogulitsira ndi wa m'kaundula. Pakatikati pake padatuluka mopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu, koma pakatikatipo padali posauza kanthu. Nyumba zina zidalembedwa kachigawo kochepetsetsa ka mtengo wake, zina kuposa mtengo umene mwini wake adagulira. Dzina la buku limene Simpson adatulutsa mu 1930 silibisa maganizo ake: Tax Racket and Tax Reform in Chicago.

Bungwe lolinganiza lakale lija lidali litathetsedwa mu 1919, Frank Lowden ali bwanamkubwa, ndipo m'malo mwake mudalowa State Tax Commission. Aphunzitsi adakagogoda kumeneko. Mu 1928 wapampando wake, William H. Malone, adalamula zinthu ziwiri. Choyamba, kaundula asindikizidwe m'njira yoti aliyense amve, msewu ndi nambala ya nyumba. Chachiwiri, malo onse a mu Cook County ayesedwenso kuyambira pachiyambi. Pakati pa chakacho mindandanda idatuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu adatha kutsetsereka ndi chala pa msewu wake womwe, kuona yake, ya woyandikana naye ndi ya mkulu wa chipani. Adapezamo nyumba zofanana ndendende, ina yolembedwa kawiri kapena katatu kuposa inzake. Mkwiyo umene udabuka udatseka pakamwa andale amene ankafuna kulepheretsa lamulo lachiwiri lija, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Springfield idaliikira kumbuyo.

Ntchito yoyesanso idatsogozedwa ndi Harry S. Cutmore, ndipo idali yolongosoka kuposa ina iliyonse imene chigawocho chidaonapo. Msewu uliwonse adaupatsa mtengo wa futi imodzi ya kutsogolo kwa puloti. Padali malamulo olembedwa a mapuloti aatali kapena aafupi, ndi a mapuloti a pakona. Mitengo ya misewuyo adaiika pa mapu n'kupita nayo kumisonkhano ya m'madera kuti eni ake atsutse. Nyumba adaziyeza, kuzigawa m'magulu, kuwerengera ndalama zomangira ina yonga iyo n'kuchotsapo za kukalamba kwake. Vuto lidali kuchuluka. Mapuloti adali opitirira miliyoni imodzi, milandu yofuna kuimitsa ntchitoyo siinkatha, ndipo ena mwa oyenera kuithandiza adali omwewo amene inkawalanda chakudya. Kaundula watsopano asanathe, kalata ya msonkho siikadatuluka. Kuyambira pakati pa 1928 mpaka pakati pa 1930, mzinda wachiwiri pa kukula mu America sudatolere msonkho wa malo ndi nyumba.

Koma sudasiye kudya. Meya William Hale Thompson, amene ankamutcha Big Bill, sadali munthu womanga lamba. Mzinda, komiti ya masukulu, chigawo ndi mabungwe ena aja ankagulitsa ku mabanki zikalata za ngongole zoti zidzabwezedwa msonkho ukadzatoleredwa, monga mlimi wogulitsa chimanga chikadali chachiwisi m'munda. Choipa kwambiri n'chakuti ankayerekeza zokolola poganiza kuti kaundula watsopano adzakhala wamkulu kuposa wakale. Atatuluka, adali wocheperapo. Mitengo ya ku Loop, pakati pa mzinda, idatsika, pamene ya m'madera ambiri a kumphepete, kumene malo adakwera msanga kaundula ali m'tulo, idakwera. Aphunzitsi ankayembekeza zosiyana kotheratu: kuti nyumba zosanja za ku Loop zikwezedwa ndipo masukulu apuma. Sadalakwe ponena kuti padali kukondera, pakuti kudalipo ndithu, nyumba ndi nyumba. Chimene sadaone n'chakuti kulinganiza kulibe mwini. Kungathe kutsitsira ngakhale amene umafuna kuti akwezeredwe. Walira mvula walira matope.

Kenako kudagwa msika wa masheya wa ku New York mu Okutobala 1929. Makalata a msonkho wa 1928 atayamba kufika mu 1930, adali owerengeredwa pa mitengo ya m'masiku a mwanaalirenji, pamene okhala m'nyumba za lendi adali atachotsedwa ntchito ndipo lendi siinkabwera. Sadabwerenso okha. Pofuna kupeza zaka zotsalira, makalata a 1929 ndi 1930 adatsatira mothinana. Munthu amene adakhala zaka ziwiri osalipira, ndipo mwina adazolowera, adapezeka ali ndi ngongole yosanjikizana pa nthawi imene adalibe ndi ya malasha yomwe.

Mu 1930 mudabadwa Association of Real Estate Taxpayers, motsogozedwa ndi James E. Bistor ndi John M. Pratt. Adaliyambitsa ndi eni nyumba zikuluzikulu, koma lidakula mpaka mamembala pafupifupi 30,000, ambiri a iwo eni timagolosale, amisiri ndi mabanja a tinyumba ta kumphepete. Lidali ndi maloya ake ndi pulogalamu pa wailesi ya WCFL. Mfundo yake idali yakuti malamulo aakulu a 1870 ankafuna kuti chuma chamtundu uliwonse chikhomedwe msonkho mofanana, masheya, zikalata za ngongole ndi ndalama za kubanki zomwe, koma zonsezi zinkabisala, n'kusiya malo ndi nyumba zitasenza pafupifupi katundu yense. Langizo lake lidali loti anthu asalipire mpaka makhoti atagamula. Mu Disembala 1931 woweruza Edmund Jarecki adagwirizana nalo, n'kunena kuti makaundula osiya chuma chochuluka chotere ndi opanda mphamvu. Khoti lalikulu la Illinois lidagwetsa chigamulocho mu 1932, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho khoti lalikulu la dziko lonse lidakana kumva mlandu wa bungwelo. Pa nthawi ina m'kati mwa mkanganowu, msonkho woposa theka udali usanalipidwe. Si onse adali onyanyala; ambiri adalibe chabe. Koma bungwelo lidapatsa wosowa ndi wokana chifukwa chimodzi chonenera.

Chowawa kuchiganizira n'chakuti dandaulo la onyanyalawa lidali lomwe lija la Haley la mu 1900, loti chuma chosaoneka chikuthawa ndipo chooneka chikulipirira onse. Koma tsopano aphunzitsi adaima mbali ina, pakuti msonkho wosalipidwawo ndiwo udali malipiro awo, ndipo adakhala patsogolo pokakamiza anthu kuti apereke. Cermak, amene adakhala meya mu Epulo 1931, adayambitsa kampeni yoti aliyense alipire, manyuzipepala akuluakulu ali pambuyo pake. Mzinda udaopseza kudula madzi kwa ozemba. Mu 1933 bungwe la onyanyala lidagawikana lokha, ndipo lamulo latsopano la Skarda lidalola boma kuika munthu wake wotolera lendi pa nyumba za ngongole ya msonkho.

Aphunzitsi adalipo pafupifupi 14,000. Kuyambira mu 1931 malipiro awo ankabwera mwa apo ndi apo, mwezi uno inde, miyezi ingapo ayi. Nthawi zina ankapatsidwa timapepala tolonjeza malipiro, timene ogulitsa m'sitolo ankatilandira modula mtengo kapena kutikana kumene. Ena adalandidwa nyumba, ena adagwa m'manja mwa akatapila, ndipo ambiri ankagulirabe chakudya ana obwera kusukulu ndi njala. Mabanki adasiya kugula zikalata za ngongole za masukulu pokhapokha bajeti itadulidwa, ndipo komiti ya anthu a bizinesi yotsogozedwa ndi Fred W. Sargent, mkulu wa kampani ya njanji ya Chicago and North Western, ndiyo inkanena pofika mpeni. Cermak adaomberedwa ku Miami mu Febuluwale 1933 ali pafupi ndi Franklin Roosevelt, amene adali atangosankhidwa kukhala pulezidenti wa dziko, ndipo adamwalira pa 6 Malichi. Mpando wake udapita kwa Edward J. Kelly.

Pa 24 Epulo 1933 aphunzitsi pafupifupi 5,000 adalowa m'mabanki akuluakulu a ku Loop n'kuimitsa ntchito. Wotsogolera sadali Haley koma John M. Fewkes, mphunzitsi wa masewera, wa m'badwo umene udatopa ndi makhoti. Ku City National Bank adakumana ndi Charles G. Dawes, amene adakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko, ndipo adamukuwiza. Adali ndi chifukwa. Chaka chapitacho Dawes adatula pansi udindo wotsogolera Reconstruction Finance Corporation, bungwe la boma lopulumutsa mabanki, ndipo patangopita masabata ochepa banki yake idalandira ngongole ya madola 90 miliyoni kuchokera ku bungwe lomwelo. Mu Meyi mzinda udatsegula chionetsero cha dziko lonse cha Century of Progress m'mphepete mwa nyanja. Pa 12 Julaye komiti ya masukulu idachotsa ntchito aphunzitsi pafupifupi 1,400, idathetsa masukulu a junior high, idatseka Crane Junior College ndipo idadula pakati makalasi a ana aang'ono.

Malipiro otsalira adabwera mu Ogasiti 1934, Reconstruction Finance Corporation itakongoza komiti ya masukulu madola 22.3 miliyoni. Chikole chake chidali malo a masukulu, ena a iwo ali pakati pa Loop. Amenewa ndi zotsalira za chigawo cha mailosi imodzi mbali zonse chimene boma lidapatula kuti chizithandiza maphunziro, ndipo chidagulitsidwa pafupifupi chonse mu 1833 pa madola osafika 40,000. Mu 1937 magulu a aphunzitsi adaphatikizana kukhala Chicago Teachers Union, Fewkes ali pulezidenti woyamba. Bungwe la Haley lidakana kulowamo, ndipo iye adamwalira mu 1939.

Maofesi awiri a 1898 aja sadapulumuke. Mu 1932 nyumba ya malamulo idawathetsa n'kuika woyesa mtengo mmodzi wa chigawo chonse, woyamba ali J. L. Jacobs, ndi bungwe la anthu awiri lomva madandaulo. Boma la Illinois lidaleka kutolera msonkho wake wa malo, ndipo mu 1933 lidayamba wa pa zogulagula. Kulinganiza zigawo kudatsalabe, chifukwa thandizo la boma ku masukulu ndi malire a ngongole zimadalira kaundula, komanso mabungwe ena otolera msonkho amadutsa malire a zigawo. Mpaka lero boma limatulutsa nambala yochulukitsira ya chigawo chilichonse kuti mitengo yake ifike pa gawo limodzi mwa atatu la mtengo weniweni. Mu Cook County, mmene nyumba zogonamo zimalembedwa pa 10 peresenti ndipo za malonda pa 25, nambalayo imazungulira pa 3. Chuma chosaoneka chija, chimene Haley ndi onyanyala ankachisaka, sichidalowe m'kaundula. Adangochichotsa m'lamulo, cha anthu wamba mu 1970, cha makampani mu 1979, n'kuika m'malo mwake msonkho wina wa pa phindu la makampani.

Nambala yochulukitsira ili ndi malire omwe aja a mu 1867: imagwira mulu basi. Mu 2017 nyuzipepala ya Chicago Tribune, m'kafukufuku wa mtolankhani Jason Grotto, idabwereza njira ya Simpson pogwiritsa ntchito makompyuta, kuyerekeza mitengo yogulitsira ndi ya m'kaundula. Idapeza kuti nyumba zotchipa, zambiri m'madera a anthu akuda ndi olankhula Chisipanishi, zinkalembedwa pa gawo lalikulu la mtengo wake kuposa nyumba zodula, ndiponso kuti madandaulo, amene amapita nawo kwambiri ndi anthu okhala ndi maloya, ankakulitsa kusiyanako. Woyesa mtengo wa nthawiyo, Joseph Berrios, adalinso wapampando wa chipani cha Democratic mu Cook County. Adagonja kwa Fritz Kaegi pa chisankho chachipulula cha mu Malichi 2018.